Kompyuta Ikuti Adadi Akudwala

6 Malichi

Okondedwa Asisi,

Muli bwanji kumeneko? Kuno tonse tili bwino. Amayi ati ndiyambe choncho, ndiye ndayamba choncho.

Paja munanena kuti pafoni ndimangoti "eee" ndi "ayi" ngati mawu ndimachita kugula, bola ndizikulemberani. Nayi kalata yanga yoyamba. Musaseke. Mukudziwa kuti sabata yatha aphunzitsi anawerenga chimangirizo changa pamaso pa kalasi yonse? Ine ndinangozyolika, makutu akutentha, koma mumtima ndinkavina.

Amalume ati lole yawo idutsa kwanuko Lachisanu, akusiyirani kalatayi pageti la kuntchito kwanu. Yankho muwapatse omwewo pobwerera.

Zakuno ndi izi. Adadi apatsidwa ntchito yokhoma mabenchi a sukulu, shedi yadzaza utuchi moti mphaka amalowamo wakuda n'kutuluka woyera. Mlongo wathu Wailesi sanasinthe, amayamba kuyankhula asanatsegule maso. Nsapato zake zayasama kutsogolo, amayi ati mukapeza kangachepe mumukumbukire.

Koma funso langa lenileni ndi ili: ntchito mukugwirayo ndi yotani? Azakhali anabwera Lamlungu n'kumanena kuti munataya unamwino wabwinobwino, wa yunifomu, n'kupita kukaseweretsa makompyuta. Adadi anangoti, "Mlongo wanga, tiyi wakoyo akuzizira." Ine ndinafuna kukuikirani kumbuyo koma ndinasowa ponyamulira. Mundifotokozere m'mawu osavuta kuti ulendo wina ndidzakhale ndi choyankha.

Ndine wanu,
Chete

14 Malichi

Chete wanga,

Ndili bwino, nanga inu nonse? Kalata yako ndaiwerenga nditaima pageti pomwepo, mlonda akundiyang'ana kuti mayiyu akusekanji yekha. Kani unkabisa zonsezi m'dzanja!

Azakhali udzawayankhe chonchi. Paja adadi amagogoda thabwa ndi chala n'kudziwa kuti mkati mwafumbwa, pomwe ife tikuona thabwa labwino? Adziwa choncho chifukwa agogoda matabwa osawerengeka. Ifenso kuno tikuphunzitsa kompyuta kumvetsera anthu akamatsokomola. Taimvetseretsa zifuwa zambirimbiri, za odwala ndi za athanzi, ndipo tsopano ikamva munthu pafoni imatha kunena kuti, uyu apite akayezetse chifuwa chachikulu. Si dokotala ayi. Imangokodola munthu kuti, fulumira. Pamene ndinali namwino, anthu ambiri ankafika mapapo atatha kale. N'chifukwa chake ndinasiya yunifomu ija.

Vuto ndi lakuti thandizo limene tinayambira likutha. Tinapempha ku bungwe lina lothandiza kafukufuku wa zaumoyo, ndipo atiitana kukaonekera pamaso pa komiti yawo pa 28 Epulo. Akatikana, basi: makompyuta abwezedwa, gulu lathu libalalika, ine ndibwera kudzamwa tiyi ndi azakhali. Tilipo atatu, aProfesa, ine, ndi mnyamata wina timamuti Wamagalasi, amene amadya ndi kugona pa kompyuta.

Tsono undithandize. Zifuwa zathu zonse tinajambulira m'chipatala, m'chipinda cha zii. Komiti idzafunsa ngati zimatheka pakhomo, pali phokoso. Ndikufuna zifuwa za anthu athanzi akwathu. Pafoni ya adadi ndinaikapo kale kapulogalamu kathu. Munthu uyambe wamupempha, akavomera atsokomole, iwe udine "wathanzi" kapena "wodwala". Kuno zimafika zopanda maina.

Za nsapato ndapatsa amalume. Uwauze amayi asadandaule.

Asisi ako

22 Malichi

Okondedwa Asisi,

Muli bwanji? Kuno tonse tili bwino. Nsapato zagulidwa, Wailesi akufuna kugona nazo.

Ntchito yanu ndagwira! Ndinkaganiza kuti ndichita manyazi kupempha anthu, koma ndinangouza Wailesi, ndiye pofika masana msewu wonse unali utadziwa. Loweruka pakhonde pathu panali mzere ngati pogulira shuga. Anabwera mayi osoka aja, aphunzitsi opuma aja, ometa tsitsi ndi akazi awo. Aliyense ndimayamba ndamufunsa ngati akuvomera, monga munanenera. Aphunzitsi opuma anati, "Ndikuvomera, koma ndikonzeke kaye," n'kukonza kolala ngati ndiwajambula nkhope. Ometa tsitsi anatsokomola mwaulemu kwambiri, kakhe-kakhe, akazi awo ali, "Bodza! Kunyumba satero awa!" Wailesi anafuna kujambulidwa kambirimbiri, ulendo wina akutsanzira galu. Za galuzo ndinafufuta.

Phokoso linalipo lokwanira, musade nkhawa. Njinga zamoto zikudutsa, mwana wa pafupi akulira, wogulitsa matsache akufuula.

Azakhali nawonso anabwera! Ndinawauza za thabwa lofumbwa zija osachita chibwibwi. Anangoti, "Hmm," koma anatsokomola.

Adadi nawonso ndinawajambula, ndinawatsata ku shedi. Iwo sanafunike kuwauza kawiri.

Amayi anaima pambali panga tsiku lonse kuti ndisalakwitse podina. Makalata anga onsenso ndimawawerengera ndisanamate envelopu, akuti ndimalemba bwino koma ndimatalikitsa.

Mundiuze kuti kompyuta yanu yati chiyani.

Ndine wanu,
Chete

4 Epulo

Chete,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino koma mutu ayi.

Zifuwa zako zinafika, zikomo. Kompyuta inazimvetsera zonse n'kugwirizana nawe, kupatula chimodzi, chotsiriza chija. Iwe unadina "wathanzi", iyo ikuti wodwala, ndipo ikunena motsimikiza, osati mokayikakayika.

Ukumvetsa tanthauzo lake? Ngati ikunamizira munthu wathanzi chifukwa cha phokoso la pakhomo, ndiye kuti ntchito yathu yonse ndi ya m'chipinda cha zii basi. Wamagalasi waiphwasula pulogalamu yonse ngati wotchi, akufunafuna pamene yalakwika, sakupapeza. Ndevu zamera, akungomwa khofi. Dzulo aProfesa anavula magalasi awo n'kuti, "Sindingakaime pamaso pa komiti ndi chinthu chimene sindikuchimvetsa. Tikapanda kupeza vuto, tilemba kuti tachoka pampikisano." Ndinalowa m'bafa kukalira.

Ndinaimba Lachiwiri, anayankha amayi, akuti nonse muli bwino, iwe uli kusukulu, adadi atanganidwa. Ndiye ndikufunsa iwe. Pojambula chotsirizacho panali chiyani pafupi? Macheka? Injini? Dzina la munthuyo usandiuze, si lamulo lathu. Koma kaya ndi ndani, umuuze mwaulemu kuti akayezetse. Kompyuta ikhoza kulakwa, koma kuyezetsa sikupha munthu.

Undiyankhe msanga, nthawi yatha.

Asisi ako

11 Epulo

Mwana wanga,

Akulemba ndi mng'ono wako koma mawu ndi anga, mayi ako.

Uli bwanji? Ukudya? Pachithunzi unatumiza chija makosi akuoneka. Kuno tonse tili bwino, palibe ngakhale wa chimfine.

Ndamva za makina akowo. Mwana wanga, makina ndi makina. Ayironi yanga imatentha ikafuna, ikafuna osatentha. Usadzivute ndi chifuwa chimodzi. Chichotse, utenge zabwinozo ukaonetse akuluakuluwo. Ku shedi kuja kuli utuchi, aliyense wolowamo amatsokomola, ngakhale mphaka.

Iwe ganizira za tsiku lako lokha. Uvale diresi ya buluu ija, usavale thalauzi. Ukalowa upereke moni kwa onse, usathamangire kuyankhula. Zakuno zisiye kwa ine, ndinazisenza usanabadwe.

Tikukupempherera.

Mayi ako

12 Epulo

Asisi,

Kalata iyi amayi sanaimve. Ndikulembera kusukulu nthawi yopuma, ndipo ndiwapatsa amalume padera. Moni ndapereka kale m'kalata ya dzulo ija, ndiye ndingolunjika.

Chifuwa chotsiriza ndi cha adadi. Munati ndisatchule dzina, pepani, ndatchula.

Adadi akhala akutsokomola chiyambire chaka chino. Lamba wawo aboola kale pena, thalauzi likungozendewera. Mmawa amadzuka malaya ali chinyowere. Benchi limene ankalimaliza dzuwa lisanapendeke pano limawatengera mpaka mawa lake, amapala pang'ono n'kukhala pansi. Tsiku lojambula lija nditafika pa batani, amayi anati, "Ndi utuchi. Dina wathanzi." Ndinadina.

Musawakwiyire amayi. Mukudziwa lamulo lawo: munthu amene wasenza madzi sumuitana kumbuyo. Pamene munkalemba mayeso a unamwino Wailesi anagonekedwa m'chipatala, munamva mutamaliza. Iwo akuti akukutetezani. Koma ine nditawerenga kuti munalira m'bafa ndinaona kuti madziwo tikuwataya ndife tomwe. Inu mukuphwasula chinthu chabwinobwino chifukwa cha chala changa.

Ndiye dzulo ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Ndinapita ku shedi, ndinatseka chitseko, ndinawawerengera adadi kalata yanu yonse. Nditamaliza anati, "Ndiye kuti kamakina ka mwana wangako kandigwira?" Ndinati eee. Anaseka, kuseka kuja kunasanduka chifuwa, anagwira tebulo mpaka chinadutsa. Kenako anati, "Mayi ako akuti tidikire mkulu wako adutse kaye." Ine ndinati, "Adadi, sadutsa. Akufuna kusiya chifukwa akuganiza kuti makinawo ndi abodza, pomwe abodza ndife." Asisi, ndinanena zimenezo kwa adadi, ndi pakamwa pangapa! Kenako anavula epuloni n'kuti, "Katenge jekete langa."

Kuchipatala anawatenga makhololo, anawaunikanso m'chifuwa. Zotsatira akuti tikamve sabata yamawa. Adadi ati tisakuimbireni mpaka zituluke, koma za kalata sananene kanthu.

Amayi atamva kuti tinapita kuchipatala sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Angosiya kundiyankhula. Akafuna mchere amauza Wailesi kuti, "Uza mlongo wakoyo."

Chonde auzeni aProfesa asalembe kalata yochoka ija.

Chete

21 Epulo

Asisi,

Muli bwanji? Mwangoti zii. Kodi mwandikwiyira? Ngati mwakwiya nenani, kusiyana n'kungokhala chete nonse awiri, inu uko amayi kuno.

Zotsatira zatuluka. Ndi chifuwa chachikulu. Adokotala ati tachita bwino kubwera pano, mapapo sanaonongeke kwambiri, achira akamamwa mankhwala osadumphitsa. Ayamba kale. Tonse m'nyumba atiyeza, tilibe. Adadi akugona m'chipinda chakumapeto mawindo ali pululu.

Ndinawapempha kuti tikuimbireni tsopano. Anatenga foni, amayi anangoima pakhomo n'kuwayang'ana, iwo n'kuibweza m'thumba. Akuti kwangotsala sabata imodzi, tipirire.

Amalume sanabwerere mpaka lero ndipo foni yawo sikugwira. Iyi ndapatsa kondakitala wa basi, mnzawo wa ometa tsitsi. Sindikudziwa kuti ifika iti, kapena ngati ifike n'komwe.

Ndine wanu ndithu,
Chete

29 Epulo

Chete, Chete, Chete wanga,

Ndili bwino. Adadi ndalankhula nawo, ndikudziwa kuti akupezako. Iwe unali kusukulu, ndiye zako ndikulembera, poti ndiwe mwini nkhani.

Sindinakukwiyire. Lole ya amalume inathyoka chitsulo cha kumawiro pakati pa njira, anakhala kumeneko kudikira china. Kalata ya amayi ndi yako ya pa 12 Epulo ija zinali m'thumba la ovolosi yawo nthawi yonseyi. Ya kondakitala sinafike mpaka pano, kaya ikuzungulira dziko. Amalume anatulukira pageti dzana masana, komiti ili mawa lake, ali mafuta okhaokha. Nthawi imeneyo n'kuti kalata yochoka pampikisano italembedwa kale, ili patebulo la aProfesa, ikudikira siginecha.

Ndinayamba kuwerenga ya amayi, ndinangopukusa mutu. Nditawerenga yako ndinakhala pa mpando wa mlonda. Ndinaimba pompo. Anayankha amayi, "Tonse tili bwi—" ine ndinati, "Amayi, ndipatseni adadi." Anandiuza zonse okha. Ndinalira, ndinakalipa, ndinaliranso. Ine namwino, bambo anga akudwala matenda omwe ndikulimbana nawo usana ndi usiku, ine osadziwa! Adadi anangoti, "Wamaliza? Tsono pita ukawauze anthuwo. Chifuwacho ndi changa, ndakuloleza, kachiimbe pa sipika."

Nditawauza anzanga, Wamagalasi anagona chagada pansi pa ofesi, manja ali tambalale, n'kumangoti, "Sinalakwe. Sinalakwe." AProfesa anatenga kalata yochoka ija n'kuikapo kapu yawo ya tiyi.

Dzulo tinalowa. Chipinda chachitali, tebulo lonyezimira, mabotolo a madzi ali ndondondo, anthu a nkhope zosaseka. Diresi ya buluu ndinavala, uwauze amayi. AProfesa anafotokoza za manambala, kenako anandikodola. Ndinaimba chifuwa cha adadi, nditawauza kaye kuti wojambula anadina "wathanzi" koma kuchipatala anapeza chifuwa chachikulu. Chinamveka chipinda chonse, kumbuyo kwake kukumveka njinga yamoto ndi Wailesi akufunsa ngati angajambulidwenso.

Bambo wina wa tayi yofiira anati, "Munthu mmodzi si umboni." Ndinati, "Zoona, bwana, ndipo sindinabwere kudzanena kuti kompyuta yathu siilakwa. Ndabwera kudzanena zimene munthu mmodziyu watiphunzitsa. Ife timaphunzitsa kompyuta ndi zimene anthu atiuza. Koma pakhomo anthu amati ali bwino pomwe sali bwino, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha chikondi. Tikawakhulupirira, tiphunzitsa makina kunama ngati ife. N'chifukwa chake tikupempha thandizo loti aliyense amene tamujambula pakhomo tizimuyezanso kuchipatala, kuti kompyuta iziphunzira zoona."

Kenako wapampando, mayi wachikulire wa imvi, dokotala wa mapapo, anafunsa kuti, "Anati adine wathanzi ndani?" Ndinati, "Mayi anga." Anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti, "Anga anathyoka mwendo ine ndili kusukulu ya udokotala. Ndinamva atayamba kale kuyenda." Anafunsanso kuti anaulula ndani. Ndinati mng'ono wanga, amene pafoni satha kunena mawu opitirira awiri.

Mafunso anachuluka mpaka nthawi yathu inapitirira. Ayankha mwezi wamawa. Kaya zikhala bwanji, ndinatuluka mutu uli m'mwamba.

Uonetsetse kuti adadi akumwa mankhwala pamaso pako. Ndibwera ndikangopeza mpata.

Asisi ako

20 Meyi

Chete,

Moni nonse. Amalume akuliza hutala panja ndiye ndilemba mothamanga.

TAPATA! Atipatsa zonse zimene tinapempha, kwa zaka zitatu. Tilemba anamwino ena, tigula makina oyezera, tiyenda m'makomo. Wamagalasi wameta ndevu, sitinamuzindikire. Sindinaimbe dala. Ndikufuna nkhaniyi uwawerengere ndiwe, mokweza, onse ali pamodzi. Azakhali uwaitane.

Asisi ako

24 Meyi

Okondedwa Asisi,

Muli bwanji? Kuno adadi akupezako bwino, ayamba kudya ngati kale ndipo akudandaula kuti mankhwala akuwasandutsira mkodzo wofiira. Wailesi ali ndi chilonda pachala. Ine ndili bwino. Mwaona, lero ndayamba mosiyana.

Ndachita monga munanenera. Ndinaitana azakhali, ndipo Wailesi anaitana ena onse amene sindinamutume. Pakhonde panadzaza. Ndinaima pa sitepe, ndinawerenga. Nditafika pa "TAPATA" ndinakuwa ndithu, poti munalemba ndi zilembo zazikulu. Asisi, kunali chiphokoso! Mayi osoka analuluta mpaka agalu a msewu wonse anayankha. Aphunzitsi opuma anagwira adadi chanza n'kuyamba kulankhula ngati pamsonkhano. Amalume anakwera mu lole n'kumangoliza hutala. Ometa tsitsi akuti chifuwa chawo chaulemu chija ndicho chinakometsa zonse.

Azakhali anati, "Ine ndinkadziwa kale kuti mwana ameneyu ali ndi mutu." Adadi anawayang'ana, anatsegula pakamwa, kenako anangowathirira tiyi wina.

Adadi ndiye asanduka munthu wina. Akapita kukatenga mankhwala amauza mzere wonse kuti chifuwa chawo chinakayankhula pamaso pa madokotala akuluakulu. Dzana anakoka mnzawo wowotcherera zitsulo, amene wakhala akutsokomola chaka chonse, mpaka kukamusiya pakhomo la adokotala. Akuti ndikufunseni ngati pa mapepala a kafukufukuyo dzina lawo lilembedwe pamwamba pa la aProfesa kapena pansi.

Tsono za amayi. Nthawi yonse ya chisangalalo ija anali kukhitchini, akutsuka mapoto otsuka kale. Sanatuluke. Ine chimwemwe chinayamba kundithera, poti kuyambira tsiku la kuchipatala lija anali asanandiyankhulebe. Anthu atabalalika ndinakhala patebulo kuti ndiyambe kalata ino. Ndinangomva mpando wakokedwa. Anakhala moyang'anana nane, akupukuta manja pa nsalu, akuyang'ana khoma.

Anati, "Ukulembera mkulu wako?"

Ndinati eee.

"Diresi ya buluu ija anavaladi?"

Ndinati anavala.

Kenako anati, "Umuuze kuti wachita bwino." Ndinalemba. Mwachita bwino, Asisi. Ndimaganiza kuti atha, koma sananyamuke. Anasisita mwendo, anandiyang'ana m'maso koyamba, n'kuti:

"Lembanso kuti bondo langa lakumanzere lakhala likundipweteka kuyambira chaka chatha. Akamabwera adzalione."

Ndalemba monga ananenera.

Ndine wanu,
Chete